Maudindo onse alipo pa tchati, koma ntchito yonse ikudikira ine: ndiyambire pati?

Funso lochokera kwa: Mphunzitsi wamkulu watsopano, Lilongwe

Akuluakulu ndi aphunzitsi anzanga, landirani moni wanga. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo chiyambireni teremu ino, ndipo ndikupempha nzeru makamaka kwa inu amene munayendetsapo sukulu kapena munakhalapo m'komiti ya sukulu.

Ndaphunzitsa kwa zaka 17, zambiri mwa izo ku Sitandade 7 ndi 8, ndipo mwezi wa Seputembala ndinalandira kalata yonditumiza kukakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale ya m'mphepete mwa mzinda, kumene nyumba za lendi zikumera tsiku ndi tsiku m'malo amene kale anali minda ya chimanga. Ana alipo oposa 2,000, aphunzitsi tilipo 31, ndipo makalasi awiri a ana aang'ono amaphunzirira pansi pa mitengo. Mukalowa mu ofesi mupeza tchati chokongola pakhoma: pali dzina langa, la wachiwiri wanga, mayina a akulu a zigawo zitatu zija za infanti, juniya ndi siniya, kenako komiti yoyendetsa sukulu, PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) ndi gulu la amayi. Palibe mpando umene uli wopanda munthu.

Koma belu likangolira m'mawa, mungayese kuti pa sukulupo ndilipo ndekha. Choko chikatha ku Sitandade 2, mwana amatumidwa kwa ine. Ana akamenyana ku bwalo la mpira amabwera nawo kwa ine, ngakhale mphunzitsi woyang'anira sabata imeneyo ataimirira pomwepo. Makiyi onse a pa sukulu ali pa chingwe chimodzi m'chikwama changa, chifukwa ndi mmene ndinawalandirira. Lachitatu lapitali ndinali ku msonkhano wa aphunzitsi aakulu ku TDC, malo amene aphunzitsi a sukulu za m'dera lathu amasonkhanirako, ndipo nditabwerako masana ndinapeza kuti ana a Sitandade 3 ndi 4 aweruka osagwirako buku la Chichewa, chifukwa kiyi wa chipinda chosungiramo mabuku ndinapita naye, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiimbira foni. Nditafunsa, yankho linali lakuti, "Timadikira inu, madamu." Mawuwa analibe mwano, koma anandilasa mtima, chifukwa ndinaona kuti amene anatsekera ana mabukuwo ndine.

Vuto lina ndi la wachiwiri wanga. Ndi bambo amene amandiposa ndi zaka pafupifupi 10, akhala pa sukuluyi nthawi yaitali, ndipo ndi amene anagwirizira udindowu kwa zaka ziwiri pamene sukulu inalibe hedi. Aliyense ankayembekezera kuti kalata ikadzabwera idzakhala ya iwo. Sanandiyankhepo mwachipongwe, chilichonse chimene ndanena amangoti "chabwino", koma maganizo awo sawatulutsa, ndipo ndaona kuti ndikafunsa funso pa msonkhano wa aphunzitsi, maso a anthu amayamba apita kwa iwo kaye wina asanayankhe. Kumbali ya makolo nako, wapampando wa komiti ndi wapampando wa PTA sakumwerana madzi chifukwa cha ndalama zimene makolo amasonkha zolipira alonda, ndipo aliyense amabwera payekha kudzandinong'oneza za mnzake.

Kodi anthu amene ali kale pa tchatiwa ndingawasandutse bwanji kukhala gulu limene likutsogoleradi sukulu, loti ine ndikachokapo ntchito iziyendabe? Ndiyambire kwa wachiwiri wanga, kwa akulu a zigawo, kapena kwa makolo? Nanga ndingagawe bwanji ntchito popanda kuoneka ngati ndikuthawa udindo umene boma landipatsa?

Yankho lochokera kwa: Mlangizi wa maphunziro wopuma ntchito

Mayi, mwachita bwino kufunsa teremu yoyamba isanathe, chifukwa aphunzitsi aakulu ambiri amazindikira vutoli patapita zaka, thupi litatopa kale ndipo aphunzitsi atazolowera kungopinda manja. Ine ndidakhala hedi kwa zaka zingapo ndisanakhale PEA, mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale za dera limodzi, ku zoni ina ya kumudzi m'boma lathu lomweli la Lilongwe, ndipo zimene mwafotokozazi ndidaziona m'sukulu zambiri.

Ndiyambe ndi kumene chizolowezichi chidachokera, kuti musadziimbe mlandu kopitirira. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo padalembedwa aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite ku koleji. M'masiku amenewo hedi nthawi zambiri adali mmodzi mwa anthu owerengeka amene adaphunzira ntchito pa sukulupo, choncho adazolowera kugwira chilichonse yekha, kuyambira makiyi, ndalama, mabuku, mayeso mpaka milandu ya ana, ndipo aphunzitsi nawo adazolowera kudikira. Lero aphunzitsi anu pafupifupi onse adadutsa ku TTC, koleji ya aphunzitsi, koma chizolowezicho chidatsalira, ndipo hedi watsopano amachilandira pamodzi ndi chingwe cha makiyi chija. Kuonjezera apo, munthu amakwezedwa chifukwa chodziwa kuphunzitsa ana, pamene ntchito imene akukaipeza ndi yotsogolera akuluakulu anzake, ena omuposa msinkhu.

Pa funso loti muyambire pati, ine ndikuti yambirani kwa wachiwiri wanu, ndipo musachedwe. Anthu adzakuuzani kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, koma mwambi umenewu waononga sukulu zambiri, chifukwa hedi amene waukhulupirira amayamba kuchepetsa wachiwiri wake mpaka kumusandutsa wongolemba mayina a ana ochedwa. Bambowo adayendetsa sukuluyo zaka ziwiri. Akudziwa kholo limene limavuta, mfumu imene imafuna kuyamba yauzidwa nkhani isanapite pagulu, ndi mphunzitsi amene amasowa tsiku limene malipiro alowa. Khalani nawo pansi awiriwiri, osati inu muli kuseri kwa tebulo la ofesi iwo ataimirira, koma nonse pa mipando yofanana, ndipo muwauze poyera kuti mukudziwa kuti adagwira ntchitoyi mokhulupirika koma kalata sidabwere m'dzina lawo. Nkhaniyi aliyense pa sukulupo akuidziwa, ndipo ikulemera chifukwa palibe amene akuitchula. Mukatero afunseni zimene adayambitsa m'zaka ziwirizo zimene sakufuna kuti zife, mutengepo chimodzi chikhale cha sukulu yonse, ndipo munene pamaso pa aphunzitsi kuti chidachokera kwa iwo.

Kenako musiyanitse kutuma ndi kusiyira. Mukauza wachiwiri wanu kuti akakutengereni rejisitala ya Sitandade 5, mwangowatuma. Koma mukawauza kuti kuyambira lero nkhani ya kuchedwa ndi kujomba kwa aphunzitsi ndi yawo, aziona okha buku losainira nthawi, azilankhula okha ndi wochedwayo, ndipo inu muzingomva lipoti Lachisanu, pamenepo mwawasiyira. Ntchito yosiyiridwa imapita ndi kiyi wake komanso ufulu wogamula popanda kudzakufunsani. Ambiri amagwera apa: lidzafika tsiku limene wachiwiri wanu adzagamule mosiyana ndi mmene inu mukadagamulira, ndipo mphunzitsi wokhumudwayo adzathamangira kwa inu. Musadzasinthe chigamulocho pamaso pa anthu. Mukangochisintha kamodzi, onse adzadziwa kuti khomo lenileni likadali lanu, ndipo mzere uja udzabwereranso pa ofesi yanu. Ngati alakwitsadi, kambiranani kumbali kuti akakonze okha ndi pakamwa pawo. Izi si kuthawa udindo, pakuti amene adzayankhe kwa PEA ndi ku ofesi ya maphunziro ndinube. Ndalama ndi malipoti opita kumwamba mupitirize kuziona ndi maso anu.

Gulu lenilenilo likhale laling'ono, inu, wachiwiri wanu ndi akulu a zigawo atatuwo. Muzikumana sabata iliyonse tsiku lomwelomwelo ana ataweruka, kwa mphindi 30 kapena 40, muli ndi kope limodzi lolembamo chimene mwagwirizana, amene achite, ndi tsiku limene akhale atamaliza. Msonkhano wotsatira uziyamba ndi kuwerenga kopelo. Ndikupempheninso kuti nkhani yoyamba isamakhale ya mpanda kapena ya malata, chifukwa zimenezi zimadya nthawi yonse mukazilola. Muziyamba ndi kuphunzira kwa ana: ndi angati ku Sitandade 2 amene akutha kuwerenga chiganizo, ndi kalasi iti imene ana akujomba kwambiri, masikimu a zophunzitsa za teremu afika pati. Miyezo 26 ya maphunziro imene unduna udatulutsa mu 2015 ili ndi mbali zokhudza utsogoleri wa sukulu, kuyang'anira aphunzitsi, kugwirizana ndi makolo ndi kasamalidwe ka ndalama. M'maofesi ambiri bukuli limatuluka m'kabati pokhapokha kwamveka kuti kukubwera oyendera sukulu, pamene likadathandiza kwambiri mukadamawerenga muyezo umodzi pa msonkhano n'kufunsana kuti ife tafika pati.

Ndili PEA ndinkakonda kufika pa sukulu tsiku limene ndikudziwa kuti hedi kulibe. Pa sukulu ina ndidapeza aphunzitsi ali pansi pa mtengo wa mango cha m'ma 9 koloko, ana akusewera fulaye, chifukwa hedi adapita kumaliro. Pa sukulu inanso hedi adali atagonekedwa m'chipatala kwa milungu itatu, koma ndidapeza mayi woyang'anira infanti akugawa mabuku ndi kakope kosainitsira m'manja, wachiwiri ali m'kalasi, ndipo nditatsegula logi buku, buku lolembamo zochitika za pa sukulu, ndidaona kuti tsiku lililonse lidalembedwa, m'zolemba za manja atatu osiyana. Sukulu ziwirizi zidali m'zoni imodzi, aphunzitsi ake adaphunzira m'makoleji omwewo, ndipo malipiro awo adali ofanana.

Yankho lochokera kwa: Kholo, msungichuma wakale wa komiti ya sukulu

Ndathokoza bambo alangizi chifukwa cha zimene afotokoza, koma ndaona kuti mbali ya ife makolo sanaikhudze, choncho ndiloleni ndithirirepo ndemanga. Ine si mphunzitsi, ndimagulitsa kaunjika pa msika, koma ndinakhalapo msungichuma wa komiti pa sukulu imene ana anga atatu anaphunzira, ndipo ndinagwira ntchito ndi aphunzitsi aakulu awiri osiyana kwambiri.

Mayi hedi, apampando awiri amene akubwera kudzakunong'onezaniwo musawalandirenso mmodzimmodzi pa nkhani imeneyi. Wina akayamba kunena za mnzake, muuzeni mwaulemu kuti nkhaniyo ndi yaikulu moti iyenera kukambidwa onse alipo, ndipo muike tsiku nthawi yomweyo. Mukapitiriza kumvetsera aliyense payekha, posachedwa kudzamveka m'dera kuti hedi ali mbali ya uje, ngakhale inu simunayankhe kanthu. Mkangano wa komiti ndi PTA nthawi zambiri umabwera chifukwa palibe amene anawafotokozera pamene ntchito ya wina ikuthera ndi pamene ya mnzake ikuyambira. Mmene ife tinamvera titaphunzitsidwa ku zoni, komiti imayang'anira kayendetsedwe ka sukulu, katundu wake ndi ntchito za chitukuko, PTA ndi bwalo limene makolo ndi aphunzitsi amakumanapo kuti amve malipoti ndi kugwirizana zochita, ndipo gulu la amayi limatsata ana amene akujomba kapena asiyira sukulu panjira, makamaka atsikana. Tsono ngati makolo agwirizana zosonkha pa msonkhano wa PTA, komiti n'kulipira alonda osabwerera kudzanena kuti zinalowa zingati ndipo zatuluka zingati, anthu alekerenji kukayikirana?

Ndinene zimene zinandichitikira, chifukwa mpaka lero zimandiwawa. Chaka changa choyamba, hedi amene analipo ankanditumizira mwana kumsika ndi cheke chosalembedwa kanthu kuti ndisaine, akuti kuti ntchito isachedwe. Ndinasaina kawiri chifukwa cha ulemu. Pa msonkhano wa makolo bambo wina ataimirira n'kufunsa kuti matumba a simenti anagulidwa angati ndipo pa mtengo wanji, maso onse anali pa ine monga msungichuma, ine osadziwa ngakhale sitolo imene anakagula. Ndinabwerera kunyumba miyendo ili lendelende, ndipo ndinatsala pang'ono kutula pansi udindo. Hedi amene anabwera pambuyo pake anasintha zinthu ndi pepala limodzi lalikulu. Ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, zikalowa ku akaunti ya sukulu, ankalemba kuchuluka kwake ndi tsiku limene zalowa n'kumata panja pa ofesi pamene kholo lililonse lingawerenge, kogula tinkapita anthu awiri kapena atatu, ndipo malisiti tinkamata m'kope limene linkabwera pa msonkhano uliwonse. Ndalamazi zimachedwa kubwera, ndipo zikachedwa ankalembanso zomwezo, kuti anthu asaganize kuti zinabwera n'kudyedwa. Makolo omwe aja amene ankakana kusonkha anayamba kubwera ndi mawilibala kudzatuta mchenga.

Pulani yotukula sukulu nayo musamailembe nokha mu ofesi n'kutiitana kudzasaina. Ilembedwe tili pamodzi, ifotokozedwe m'Chichewa, ndipo msonkhano wake uikidwe pa nthawi imene anthu a geni ndi a maganyu angabwere, chifukwa msonkhano wa 8 koloko m'mawa pakati pa sabata umabwera ndi agogo okhaokha. Popeza sukulu yanu ili m'malire a mzinda, mwina muli ndi mafumu a m'midzi yakale komanso atsogoleri a mabuloko a anthu obwera kumene. Onsewa awuzidwe nkhani isanalengezedwe kwa ana pa asembule, chifukwa mfumu imene yamva za msonkhano kuchokera kwa mdzukulu wake siibwera ndi mtima wabwino.

Phindu la zonsezi ndinaliona mu Januwale 2023, pamene boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera. Pa sukulu yathu hedi sanathamange yekha. Komiti inaona za zimbudzi ndi ndowa zosambira m'manja, PTA inafalitsa uthenga m'matchalitchi ndi m'mizikiti, amayi anayenda khomo ndi khomo, ndipo tsiku lotsegulira litafika tinali okonzeka.

Pomaliza, gulu la amayi musalione ngati anthu ongosesa ndi kuphika pakabwera alendo. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kubwerera akabereka, koma amene amakamunyengerera iye ndi makolo ake ndi amayiwa, ndipo ntchito yawo imapita pachabe ngati mwanayo akafika m'kalasi n'kuyamba kutonzedwa. Sankhani mphunzitsi wamkazi mmodzi amene amayiwa angamufikire mosavuta, ndipo kamodzi pa mwezi wapampando wawo azilowa pa msonkhano wa anthu asanu uja kudzatchula mayina a ana amene asowa.

Yankho lochokera kwa: Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, sukulu ina ya mu mzinda

Ine ndilankhula monga munthu amene ali pa mpando wofanana ndi wa bambo mukuwanenawo, pakuti nanenso ndinagwirizirapo udindo, kenako n'kulandira hedi wochokera kwina. Madamu, kukhala chete kwawoko musafulumire kukutcha chidani. M'miyezi yoyamba ine ndinkakhala chete chifukwa ndinkaopa kuti chilichonse chimene ndinganene chimveka ngati ndikuti "nthawi yanga tinkachita chonchi", ndipo ndikatsutsa pagulu anthu anena kuti ndikuwawidwa mtima. Chimene chinandimasula n'chakuti hedi wanga anayamba kundionetsa nkhani za msonkhano dzulo lake n'kundifunsa maganizo tili awiri, moti pofika pagulu tinali titamvana kale, ndipo pamene tasiyana maganizo ndinali nditanena kale mbali yanga popanda kumuchititsa manyazi.

Ndikugwirizana ndi bambo alangizi pa za kusiyira ntchito, koma pali chinthu chimodzi chimene ndikuona mosiyana nawo pang'ono. Kusiyira munthu ntchito osamupatsa nthawi yoigwirira n'kungomusenzetsa mtolo wachiwiri. Mayi woyang'anira infanti ali ndi kalasi yake, mwina ya ana oposa 100, ndipo udindowo subwera ndi ndalama ina iliyonse. Mukamuuza kuti aziona malesoni pulani a anzake onse ndi kumalowa m'makalasi awo kukaonerera kaphunzitsidwe, achita nthawi yanji, popeza ana ake amaweruka nthawi imodzi ndi ana a anzakewo? Zotsatira zake amangosaina mapulani osawerenga, ndipo aliyense amadziwa kuti kusainako n'kwamwambo chabe. Musanagawe ntchito, khalani pansi ndi taimutebulo. Kumene kalasi imodzi ili ndi aphunzitsi awiri, konzani kuti mkulu wa chigawo akhale ndi mapiriyodi awiri kapena atatu pa sabata amene sali m'kalasi yake, ndipo alembedwe pa taimutebulo kuti aliyense adziwe kuti nthawi imeneyo ndi ya ntchitoyo. Inunso musasiye choko. Tengani phunziro limodzi, ngakhale ku Sitandade 8 kumene munazolowera, ndipo lesoni pulani yanu muzipereka kwa mkulu wa siniya kuti aione ngati ya wina aliyense. Mphunzitsi amavomera msanga kuonereredwa akaona kuti hedi naye amaonereredwa.

Nkhani ina imene sitikonda kuitchula poyera ndi ya maalawansi, koma ndi imene imagawa aphunzitsi kuposa china chilichonse. Kukabwera kalata yofuna anthu awiri opita ku maphunziro a masiku atatu, kapena kukafunidwa mayina a okayang'anira mayeso a MANEB, aliyense amatchera khutu kuti amve kuti kwapita ndani. Ngati mayina akhala omweomwewo, makamaka a anthu asanu amene mumakumana nawo sabata iliyonse, gulu lanu lotsogolera lidzapatsidwa dzina lakuti kagulu ka hedi, ndipo chilichonse chabwino chimene lidzabweretse chidzalandiridwa ndi nkhope zokwinya. Pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga itayamba mu 2016, ndinaonapo mphunzitsi wa ku siniya akutumizidwa ku maphunziro okhudza ana a Sitandade 1 chifukwa chogwirizana ndi akuluakulu, mayi amene amagwada ndi anawo tsiku lililonse atatsala. Ife tinathetsa zimenezi pomata mndandanda m'chipinda cha aphunzitsi wosonyeza amene anapitapo, kumene anapita ndi tsiku lake. Maphunziro akakhala a kalasi inayake amapita wa kalasi yomweyo, akakhala a aliyense timatsata mndandanda, ndipo wopitayo akabwerako amaphunzitsa anzake pa CPD, maphunziro a aphunzitsi okhaokha a pa sukulu, sabata isanathe.

Chinanso, zimene anthu asanu mwakambirana zisamakhale chinsinsi. Mkulu wa chigawo aliyense azikafotokozera anzake tsiku lotsatira, ndipo azibweretsa madandaulo awo pa msonkhano winawo. PEA akabwera n'kuyamikira kuti ana a Sitandade 2 akuwerenga bwino, muitaneni mwini ntchitoyo adzamve yekha.

Yankho lochokera kwa: Mphunzitsi wamkulu watsopano, Lilongwe

Bambo alangizi, mayi msungichuma ndi inu bambo achiwiri, ndathokoza kwambiri nonse. Ndadikira milungu iwiri ndisanayankhe kuti ndibwere ndi zimene ndachita, osati malonjezo okha.

Ndinakhala pansi ndi wachiwiri wanga Lachisanu ana ataweruka, pa benchi la pakhonde la Sitandade 8. Nditatchula za zaka ziwiri zija anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pansi, kenako anandiuza kuti chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti tsiku limene ndinafika anandipatsa makiyi ndi mabuku onse, koma palibe amene anawafunsa kuti sukulu aisiya pati. Anandionetsa kope limene ankalembamo mayina a ana a Sitandade 8 amene amavutika masamu, amene ankawaphunzitsa mwapadera m'mawa belu lisanalire, ndipo ntchitoyi inaima nditangofika chifukwa sankadziwa ngati ndingaifune. Tayambiranso Lolemba lapitali, ndipo pa msonkhano wa aphunzitsi ndinanena kuti nzeruyi ndi yawo. Buku losainira nthawi tsopano lili m'manja mwawo. Chingwe cha makiyi ndinachimasula: kiyi wa chipinda cha mabuku ali ndi mkulu wa juniya, wa kabati ya choko ali ndi mkulu wa infanti, ndipo ine ndatsala ndi wa ofesi ndi wa kabati ya mafayilo a ndalama. Kunena zoona, tsiku loyamba ndinapita kawiri kukasuzumira ngati chipinda cha mabuku chatsekedwa, ndipo ndinachita kudziletsa kuti ndisapitenso kachitatu.

Apampando awiri aja ndawaitana Loweruka likubwerali masana, pamodzi ndi msungichuma, mlembi ndi mfumu, ndipo ndapempha kuti kope la ndalama za alonda libwere. Mmodzi wavomera msanga, winayo wanena kuti aona ngati apeze mpata. Mndandanda wa opita ku maphunziro ndaumata kale, ndipo utangomatidwa zinaoneka kuti aphunzitsi asanu ndi awiri sanapiteko kulikonse m'zaka zitatu zapitazi, onse a ku infanti ndi juniya.

Pamene ndakakamira ndi pa mkulu wa juniya. Ndi mtsikana wakhama amene wagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo m'chigawo chake muli amayi awiri amene anayamba kuphunzitsa iye asanabadwe, mmodzi mwa iwo anamuphunzitsapo ku Sitandade 3. Kiyi walandira mosangalala, mapiriyodi awiri tamupezera pa taimutebulo, koma wandiuza misozi ili m'maso kuti sangathe kulowa m'kalasi ya mayi amene anamuphunzitsa kugwira pensulo n'kukhala kumbuyo ndi kope kumalemba zolakwa zawo. Ndaganiza kuti ulendo woyamba tilowe tonse awiri, kapena tiyambe ndi kupempha amayiwo kuti ndiwo adzaonerere kalasi ya mtsikanayu n'kumulangiza, kenako asinthane. Bambo alangizi, mwa njira ziwirizi ndi iti imene munaiona ikugwira ntchito m'zoni yanu?